Ravello

Ravello ndi tauni yaing'ono ya kum'mwera kwa dziko la Italy, m'chigawo cha Campania, m'boma la Salerno. Inamangidwa pamwamba pa chitunda cha miyala, mamita pafupifupi 365 kuchokera pamene pali madzi a nyanja, ndipo imayang'anizana ndi Nyanja ya Tyrrhenian. M'tauniyi mumakhala anthu pafupifupi 2,500. Ravello ndi mbali ya gombe la Amalfi, lomwe bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse m'chaka cha 1997. Imadziwika chifukwa cha tchalitchi chake chakale, minda ya maluwa ya Villa Rufolo ndi Villa Cimbrone, komanso chikondwerero cha nyimbo chomwe chimachitika chaka ndi chaka.

Alendo ambiri sagonako. Amafika m'mawa n'kubwerera madzulo. Malo onse otchuka a m'tauniyi munthu angathe kuwaona wapansi m'maola anayi kapena asanu, koma pakati pa tauniyi palibe doko kapena siteshoni ya sitima, ndipo misewu yokwerera kumeneko ndi yopapatiza. N'chifukwa chake ulendo wa tsiku limodzi umayenda bwino kapena kusokonekera malinga ndi mmene munthu wakonzera za mayendedwe.

Malo ndi nyengo

Tauniyi ili m'mapiri a Lattari, omwe amatsetsereka mpaka kugwera m'nyanja. Chitunda cha Ravello chili pakati pa zigwa ziwiri. Kumadzulo kuli chigwa cha mtsinje wa Dragone, womwe umakathira m'nyanja pa Atrani, ndipo kutsidya kwa chigwachi kuli tauni yakale ya Scala. Kum'mawa kuli chigwa chotsikira ku Minori. Kuchokera ku Amalfi kufika ku Ravello pali mtunda wa makilomita pafupifupi 7 pamsewu. Mzinda wa Salerno uli makilomita pafupifupi 25 kum'mawa kwa Amalfi, pamene mzinda waukulu wa Naples uli makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Ravello podutsa m'mapiri.

M'mbali mwa mapiriwa alimi anamanga makhoma a miyala, n'kupanga timinda tokhala ngati masitepe. M'timindamu amalimamo mandimu, mphesa ndi maolivi. Mandimu a kuderali, otchedwa sfusato amalfitano, ndi aakulu, osongoka, ndipo khungu lake ndi lonunkhira.

M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndipo mvula imagwa mwa apo ndi apo. Masana kutentha kumafika madigiri 30, ngakhale kuti ku Ravello kumawomba kamphepo kusiyana ndi matauni a m'munsi. Mvula yambiri imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira ndipo dzuwa limalowa msanga.

Mbiri

Malinga ndi mbiri imene eni dera amasimba, Ravello inayambitsidwa m'zaka za m'ma 400 ndi mabanja achiroma omwe ankathawa nkhondo pamene ufumu wa Roma unkagwa. M'zaka za m'ma 800 tauniyi inali pansi pa Amalfi, womwe unali mzinda wodzilamulira wokha kuyambira m'chaka cha 839 ndipo unkachita malonda apanyanja ndi Constantinople, Egypt ndi madera ena a kumpoto kwa Africa. Anthu a ku Ravello analemera ndi ntchito yowomba ndi kunyika nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo amalonda ake anali ndi masitolo ku Apulia ndi ku Sicily.

M'chaka cha 1086 Ravello inapatsidwa bishopu wakewake, amene ankayang'aniridwa ndi papa mwachindunji osati ndi akibishopu wa ku Amalfi. Tchalitchi chachikulu chinayamba kumangidwa m'chaka chomwecho. M'chaka cha 1137 asilikali apanyanja a mzinda wa Pisa anaukira gombeli n'kuwononga Ravello. Komabe mabanja olemera anapitiriza kumanga nyumba zikuluzikulu ndi matchalitchi mpaka m'zaka za m'ma 1200. Banja lotchuka kwambiri linali la Rufolo, lomwe linkakongoza ndalama mafumu a ku Naples. Banjali linagwa m'chaka cha 1283 pamene olamulira analilanda chuma. Wolemba mabuku Giovanni Boccaccio anaika wamalonda wa ku Ravello, Landolfo Rufolo, m'nthano ina ya m'buku lake la Decameron.

Pambuyo pake malonda anazilala ndipo mabanja ambiri anasamukira ku Naples. Mliri wa m'chaka cha 1656 unachepetsanso chiwerengero cha anthu. M'chaka cha 1818 dayosizi ya Ravello inathetsedwa n'kuphatikizidwa ku Amalfi. Kusauka kumeneku n'kumene kunasunga maonekedwe akale a tauniyi, popeza panalibe ndalama zogwetsera nyumba zakale n'kumanga zatsopano.

Alendo akunja anayamba kufika mochuluka msewu wa m'mbali mwa gombe utamalizidwa cha m'ma 1850. Wopeka nyimbo wa ku Germany, Richard Wagner, anafikako m'chaka cha 1880. Wojambula wa ku Netherlands, M. C. Escher, anakhalako m'chaka cha 1923 ndipo n'komwe anakumana ndi mkazi amene anadzamukwatira. Wolemba mabuku wa ku America, Gore Vidal, anakhala zaka pafupifupi 30 m'nyumba yotchedwa La Rondinaia, kuyambira m'chaka cha 1972. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mfumu Victor Emmanuel III inakhala ku Ravello kwa miyezi ingapo, ndipo mu Juni 1944 inasainira komweko chikalata chopereka mphamvu zake kwa mwana wake Umberto.

Malo otchuka

Tchalitchi chachikulu. Chili pabwalo lalikulu la tauniyi, lotchedwa Piazza Duomo. Zitseko zake za mkuwa zinasulidwa ndi Barisano da Trani m'chaka cha 1179 ndipo zili ndi zithunzi za Khristu ndi oyera mtima. M'katimo muli nsanja ziwiri zolalikirapo. Yaikulu inapangidwa ndi Nicola di Bartolomeo da Foggia m'chaka cha 1272 ndi ndalama za Nicola Rufolo, ndipo inakhazikidwa pa zipilala zisanu ndi chimodzi zomwe zatsamira pamisana ya mikango yosema. Yaing'ono, yomwe ndi yakale kuposa inzakeyo, ili ndi zithunzi za timiyala tamitundumitundu zoonetsa Yona akumezedwa ndi chinsomba kenako akulavulidwa. M'kachipinda kena amasungamo botolo lomwe Akatolika amakhulupirira kuti muli magazi a Pantaleone Woyera, nkhoswe ya tauniyi, ndipo amati magaziwo amasungunuka pa nthawi ya chikondwerero chake pa 27 Julayi. Tchalitchichi chilinso ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Villa Rufolo. Chipata chake chili pafupi ndi bwalo lomwelo. Nyumbayi inamangidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo kamangidwe kake kakuonetsa luso la Aluya losakanikirana ndi la Anormani, makamaka pa bwalo lam'kati lokhala ndi tizipilala toonda. Nsanja yake yaikulu ndi yotalika mamita pafupifupi 30. M'chaka cha 1851 munthu wa ku Scotland, Francis Nevile Reid, anagula malowa ali mabwinja n'kuwakonzanso, ndipo ndiye anakonza munda wa maluwa womwe ulipo lero. Wagner ataona mundawu pa 26 Meyi 1880 anautenga ngati chitsanzo cha munda wamatsenga wa m'sewero lake loimba la Parsifal. Chithunzi chodziwika kwambiri cha Ravello, choonetsa mtengo wa paini ndi madenga awiri ozungulira a tchalitchi cha Annunziata nyanja ili kumbuyo, chimajambulidwa munthu ataima m'mundamu.

Villa Cimbrone. Ili kumapeto kwenikweni kwa chitunda, ulendo wapansi wa mphindi 10 mpaka 15 kuchokera pabwalo lalikulu, podutsa tchalitchi cha San Francesco ndi nyumba ya masisitere ya Santa Chiara. Galimoto sifikako. Mngelezi wina, Ernest William Beckett, anagula malowa m'chaka cha 1904 ndipo anawakonza mothandizidwa ndi mmisiri wa komweko, Nicola Mansi. Kanjira kakutali ka m'mundamo kamakathera pa khonde lotchedwa Terrazza dell'Infinito, lomwe lili m'mphepete mwa phompho ndipo m'mbali mwake mwandandalikidwa ziboliboli za mwala wa mabulo. Kunja kukayera, munthu amaona gombe lonse la Salerno mpaka kumapiri a Cilento. Katswiri wa mafilimu Greta Garbo anakhalako m'chaka cha 1938. Masiku ano nyumbayo ndi hotela, koma munda ndi wotsegukira aliyense wolipira pachipata.

Malo ena. Tchalitchi cha San Giovanni del Toro, cha m'zaka za m'ma 1000, chilinso ndi nsanja yolalikirapo yokongoletsedwa ndi timiyala. Holo yoimbiramo yomwe mapulani ake anajambula ndi katswiri wa zomangamanga wa ku Brazil, Oscar Niemeyer, inatsegulidwa m'chaka cha 2010. Chikondwerero cha nyimbo cha Ravello chinayamba m'chaka cha 1953, patatha zaka 70 Wagner atamwalira. Chimachitika m'miyezi yotentha, ndipo oimba amakhala pa nsanja yomwe imamangidwa motulukira kunja kwa munda wa Villa Rufolo, pamwamba pa nyanja.

Njira zokafikira

Pafupifupi aliyense woyenda pa basi kapena pa boti amayenera kufika kaye ku Amalfi. Kumeneko, pabwalo la Flavio Gioia lomwe lili pafupi ndi doko, mabasi a kampani ya SITA Sud amanyamuka kupita ku Ravello ndi Scala. Basi imatsata gombe mpaka pa Castiglione, kenako imakhotera kumtunda m'chigwa cha Dragone. Ulendowu umatenga mphindi 25 mpaka 30. Basi imaima pafupi ndi msewu wobowola phiri, ndipo munthu akadutsa mmenemo wapansi amatulukira pabwalo lalikulu.

Njira zofikira ku Amalfi ndi zitatu.

Yoyamba ndi yodzera ku Salerno. Sitima yapamtunda yochokera ku Naples imatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo yothamanga kwambiri yochokera ku Rome imatenga maola pafupifupi awiri. Doko la Concordia lili pafupi ndi siteshoni ya Salerno, moti munthu amayenda wapansi. Boti limafika ku Amalfi m'mphindi pafupifupi 35, pamene basi ya pamsewu wa m'mbali mwa gombe imatenga ola limodzi ndi mphindi 15 kapena kuposerapo. Maboti amayenda kwambiri kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ndipo amaimitsidwa nyanja ikakalipa.

Yachiwiri ndi yodzera ku Sorrento. Sitima ya Circumvesuviana yochokera ku Naples imatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo. Basi yochokera ku Sorrento, yomwe imadutsa ku Positano ndi Praiano, imatenga ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo kuti ifike ku Amalfi. Njirayi ili ndi malo okongola kwambiri, koma ndi imenenso imadzaza kwambiri.

Yachitatu ndi ya galimoto. Msewu wa SS163, womwe umatsata gombe, unasemedwa m'mbali mwa mapiri ndipo uli ndi makona ambirimbiri. Pena mabasi awiri sangapatukirane popanda imodzi kubwerera chammbuyo. Wochokera ku Naples angathe kuupewa potsata msewu waukulu wa A3, kupatuka cha ku Angri, n'kukwera pampata wa phiri wa Chiunzi, njira imene imafika ku Ravello osadzera ku Amalfi. Malo oimikapo magalimoto ndi ochepa ndiponso olipira, ndipo pakati pa tauni pamayenda anthu apansi okha. Kulowa ndi galimoto m'dera lolembedwa ZTL popanda chilolezo kumabweretsa chindapusa. M'chaka cha 2022 akuluakulu a misewu anakhazikitsa lamulo loti m'nyengo ya alendo ambiri, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, magalimoto aziyenda pa SS163 mosinthana masiku malinga ndi nambala yomaliza ya galimotoyo. Lamuloli silikhudza eni dera, mabasi ndi mataxi.

Mabwalo a ndege apafupi ndi la Capodichino ku Naples ndi la Salerno Costa d'Amalfi, lomwe linayambiranso kulandira ndege zonyamula anthu mu Julayi 2024.

Kukonzekera ulendo wa tsiku limodzi

Kuwerengera nthawi. Kuphatikiza nthawi yodikira, ulendo wochokera ku Naples kapena ku Sorrento umatenga maola awiri ndi theka mpaka atatu mbali imodzi. Wochokera ku Salerno amafika pasanathe maola awiri, ndipo wochokera ku Rome amafunika maola pafupifupi anayi. Motero wonyamuka ku Naples 7 koloko m'mawa amafika cha m'ma 10 koloko, ndipo amakhala ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi asanayambe ulendo wobwerera. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuona Ravello ndi kuima pang'ono ku Amalfi. Kuwonjezerapo Positano tsiku lomwelo kumachititsa kuti nthawi yambiri ithere m'basi ndi pamzere.

Mwezi woyenera. Miyezi ya Epulo, Meyi, Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala ndi imene imakhala ndi nyengo yabwino, maboti akuyenda, ndipo minda ili ndi maluwa. Mu Julayi ndi Ogasiti kumakhala anthu ambiri, makamaka pa holide ya Ferragosto pa 15 Ogasiti, ndipo basi yodzaza imangodutsa pa siteji osaima. Kuyambira Novembala mpaka Malichi m'tauni mumakhala bata, koma mahotela ndi malo odyera ambiri amatseka, maboti sapezeka kwenikweni, ndipo minda imatsekedwa msanga.

Matikiti. Tikiti ya basi imagulidwa munthu asanakwere, m'timasitolo togulitsa fodya totchedwa tabacchi, m'malo ogulitsira nyuzipepala kapena m'malo ena omwera khofi. Akakwera amaidinda pa makina a m'basimo, apo ayi amalipitsidwa chindapusa. Ndi bwino kugula ya kupita ndi ya kubwerera nthawi imodzi, chifukwa masitolo ena amatseka masana. Ndandanda ya mabasi ndi maboti imasintha malinga ndi nyengo komanso pa Lamulungu, choncho nthawi ya boti lomaliza kapena basi yomaliza ndi chinthu choyamba kuchidziwa. Amene wasiyidwa amatsala ndi taxi, yomwe kuderali ndi yokwera mtengo kwambiri.

Kagawidwe ka tsiku. Matchalitchi ambiri a ku Italy amatsekedwa masana, choncho alendo ambiri amayamba ndi tchalitchi chachikulu, kenako Villa Rufolo, yomwe imafuna ola limodzi. Villa Cimbrone imafuna ola limodzi ndi theka kuphatikiza kuyenda. Ena amayambira ku Cimbrone kuti akafike pa khonde la phompho magulu a alendo asanachuluke. Pa masiku a zoimbaimba mbali ina ya munda wa Villa Rufolo imakhala ndi nsanja ndi mipando, ndipo nthawi zina imatsekedwa msanga. Zoimbaimba zambiri zimayamba madzulo ndi kutha usiku, moti wofuna kuonera amayenera kupeza malo ogona kapena galimoto yobwererera.

Kutsika wapansi. Misewu isanabwere, matauni a pagombeli ankalumikizana ndi tinjira ta masitepe momwe munkadutsa anthu ndi nyulu, ndipo tinjirati tidakalipo. Njira ina imatsika kudzera m'mudzi wa Torello, pakati pa minda ya mandimu, mpaka ku Minori, komwe kuli mabwinja a nyumba yachiroma ya m'zaka 100 zoyambirira ndiponso poima maboti. Ina imatsikira ku Atrani, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Amalfi ndi mphindi 10 kapena 15. Njira iliyonse ili ndi masitepe oposa 1,000 ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi potsika. Ambiri amakwera pa basi n'kutsika wapansi, zomwe zimawapulumutsa ku mzere wa basi yamadzulo. Njirazi sizoyenera anthu ovutika maondo, ndipo mvula ikagwa miyala imaterera.

Zovala ndi chakudya. Pamafunika nsapato zogwira bwino pansi, chipewa ndi botolo la madzi. Wolowa m'tchalitchi amayenera kuvala zophimba mapewa ndi maondo. Malo odyera amapereka chakudya chamasana kuyambira cha m'ma 12:30 mpaka 3 koloko, ndipo ambiri amawonjezera kandalama ka pa tebulo kotchedwa coperto. Khofi amatsika mtengo munthu akamwera choimirira kusiyana ndi kukhala pampando wa pabwalo. Zakudya za kuderali ndi monga scialatielli, womwe ndi mtundu wa pasta wodyera limodzi ndi zam'nyanja, keke ya mandimu yotchedwa delizia al limone, chakumwa chaukali cha limoncello chopangidwa ndi makungu a mandimu, ndi vinyo wa mphesa za m'mapiri omwewo.

Alendo ochokera kum'mwera kwa Africa

Dziko la Italy lili m'dera la Schengen, choncho nzika za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zoyenda ndi pasipoti wamba zimafunika viza zisananyamuke. Ndalama yogwiritsa ntchito ndi yuro. Nyengo za kumeneko n'zosemphana ndi za kum'mwera kwa Africa: mu Juni ndi Julayi, pamene ku Malawi kukuzizira, ku Ravello kumakhala kukutentha. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Italy imafanana ndi ya ku Malawi, ndipo miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi. Magalimoto amayenda kudzanja lamanja la msewu, chinthu chofunika kuchikumbukira kwa wozolowera kumanzere amene akufuna kubwereka galimoto kapena kuwoloka msewu wopanda malo oyenda apansi. Nambala yoitanira thandizo pangozi ndi 112.

Zokopa alendo ndi chilengedwe

Chuma cha Ravello masiku ano chimadalira alendo: mahotela, malo odyera, maukwati a anthu akunja, ndi malonda a mbale ndi miphika yadothi yopakidwa utoto. Alendo obwera tsiku limodzi amadzaza mabasi omwewo amene ana a sukulu ndi ogwira ntchito amadalira, ndipo amachulukana pa maola ochepa a masana.

Vuto lina ndi la nthaka. Makhoma a miyala a m'minda ndi amene amagwira dothi m'mbali mwa mapiri, koma kulima mandimu kumeneko ndi ntchito yakalavulagaga, chifukwa zokolola zimanyamulidwa pamsana kukwera ndi kutsika masitepe. Achinyamata akasiya ulimi n'kukagwira ntchito m'mahotela, makhomawo amagumuka. Derali lakumanapo ndi ngozi zazikulu za madzi ndi matope. Mu Okutobala 1954 madzi osefukira anapha anthu oposa 300 ku Salerno, Maiori, Minori ndi madera oyandikana nawo. Mu Sepitembala 2010 mtsinje wa Dragone unasefukira n'kuwononga Atrani, ndipo mu Febuluwale 2021 nthaka inagumuka ku Amalfi n'kutseka msewu wa SS163 kwa milungu yambiri. Mvula yamphamvu ikagwa, misewu ndi tinjira tapansi ta kuderali nthawi zina zimatsekedwa mwadzidzidzi, ndipo zikatero njira ya pampata wa Chiunzi kapena ya pa boti ndi imene imatsala.